Titsekere mabuku m'kabati kapena tiwasiye pa shelefu? Zokambirana za oyang'anira malaibulale

Anaphiri (Dedza):
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo, ndipo ndikudziwa kuti pano pali akuluakulu amene anakumana nayo kale. Ndine mphunzitsi pa CDSS ina kuno ku Dedza, ndipo ndinapatsidwanso udindo woyang'anira laibulale. Chaka chatha ndinapempha kuti ana azilowa okha n'kumasankha mabuku pa shelefu, m'malo moima pawindo n'kumatchula dzina la buku ngati kale. Ana anayamba kubwera ambiri, ngakhale a Fomu 1 amene kale sankayandikira n'komwe. Koma titawerenga mabuku kumapeto kwa teremu yachitatu, tapeza kuti oposa 30 sakuoneka, ambiri a Biology ndi Masamu a Fomu 3 ndi 4. Pano komiti ikuti tibwerere pawindo, mabuku a silabasi akhale m'kabati yokhoma, ndipo ena akunena kuti osowawo ndilipire ine. Kodi kwanuko zoterezi mumazitani?

aBanda (opuma pantchito, Lilongwe):
Pepani mayi ndi zimene zakugwerani. Ndisanayankhe, ndifunseko: laibulale yanu ili ndi makomo angati? Zikwama amalowa nazo? Mawindo ali ndi waya? Nanga mukatuluka kupita kukaphunzitsa, amatsala ndani?

Anaphiri (Dedza):
Khomo ndi limodzi bambo. Zikwama amasiya pakhomo, koma mawindo awiri akumbuyo alibe waya, ali ndi zitsulo zokha. Ndikapita m'kalasi amatsala ma prefect.

aBanda (opuma pantchito, Lilongwe):
Ndiye tayambani ndi mawindo awiriwo. Buku limadutsa bwinobwino pakati pa zitsulo, mnzake n'kulilandira panja. Waya wa mawindo awiri ndi wotsika mtengo kuposa mabuku atatu a Biology.

Koma pa nkhani yobwerera pawindo ija, ine ndikukana ndi mtima wonse. Ndagwira ntchito imeneyi kuyambira nthawi imene tinkalemba makadi a katalogi pa taipi, ndipo ndinaona malaibulale ambiri a m'sukulu amene mabuku ake anali onse, osasowa n'limodzi lomwe, chifukwa palibe amene ankawagwira. Amafika oyendera sukulu, amawerenga, amapeza zonse zili m'malo, amayamikira. Patapita zaka silabasi n'kusintha, mabuku aja n'kutha ntchito ali atsopano, ena masamba ake asanatsegulidwe. Kodi pamenepo sukulu sinataye ndalama? Inataya zonse, kungoti palibe analemba kuti zatayika.

Mwana woima pawindo amangoitanitsa buku limene aphunzitsi alitchula m'kalasi. Sangaitanitse buku limene sakudziwa kuti lilipo. Katswiri wina wa ku India, S. R. Ranganathan, analemba malamulo asanu a ntchito yathuyi mu 1931, ndipo loyamba lenilenilo likunena kuti mabuku alipo kuti agwiritsidwe ntchito. Tonse amene tinachita maphunziro a laibulale tinaliloweza, koma tikafika pantchito mantha amatiiwalitsa.

aMwale (akaunti, Ntcheu):
Akuluakulu aBanda, ndimakulemekezani, koma mundilole ndilankhule monga munthu amene ndimasainira ndalama. Buku la sayansi la sekondale lero si la mtengo umene munkagulira inu. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndiye mtengo wa buku umakwera tsiku lomwelo. Ndalama zoyendetsera sukulu sizikwera choncho. Mabuku 30 akasowa pa CDSS, sabweranso chaka chino kapena chamawa. Amene akuvutika ndi ana 60 a Fomu 4 amene atsala ndi mabuku asanu. Wakubayo wapindula yekha, anzake onse aluza. Komiti ikamanena za kabati sikuti ndi yoipa mtima, ikuteteza ana ambiriwo.

Nangondo (laibulale ya koleji, Zomba):
AMwale akunena zoona pa mtengo, ndipo tisawatsutse pamenepo. Koma taonani bwino zimene zasowa: Biology ndi Masamu a Fomu 3 ndi 4. Si mabuku a nthano, si a mbiri, si madikishonale akuluakulu. Asowa ndi amene aliyense akuwafuna nthawi imodzi mayeso a MSCE akayandikira. Vuto ndiye silili pa shelefu yonse, lili pa mitu isanu kapena isanu ndi umodzi. Sipafunika kutseka laibulale yonse chifukwa cha mitu imeneyi.

Ife kuno mabuku otere timawaika kumbuyo kwa tebulo lathu, timati a short loan. Wophunzira amasiya chitupa chake, amatenga buku, amawerengera m'kati momwemo maola awiri, n'kubweza. Kutuluka nalo ndi madzulo okha, m'mawa n'kubwera nalo. Ena onse ali poyera, munthu amasankha yekha. Mukatero buku limodzi limadutsa m'manja mwa ana anayi pa tsiku, pamene mukalibwereketsa kwa milungu iwiri limakhala pansi pa pilo ya mwana mmodzi.

Za kulipira zija, Anaphiri, musavomere msanga. Ngati palibe umboni woti munaba kapena munalekerera dala, si chilungamo. Boma la India lili ndi lamulo lolembedwa m'malamulo ake a zachuma loti kusowa kwa mabuku 5 pa mabuku 1,000 alionse amene abwerekedwa kapena kuwerengedwa pa chaka n'kovomerezeka, bola pasakhale chinyengo kapena kusasamala. Taonani kuti sawerengera mabuku amene ali pa shelefu, amawerengera amene agwiritsidwa ntchito. Laibulale yotanganidwa imaloledwa kutaya ambiri kuposa yogona. Ndi nzeru imeneyi imene ndikanakonda makomiti athu ataimva.

aMwale (akaunti, Ntcheu):
Lamulo la ku India silingandithandize oditala akafika pa ofesi yanga, mayi. Iye amafuna pepala.

Nangondo (laibulale ya koleji, Zomba):
N'chifukwa chake pepalalo mulilembe nokha zinthu zisanavute. Komiti ya laibulale ikhale pansi, igwirizane kuti mabuku aziwerengedwa liti, ndi ndani, ndipo osowa azilembedwa motani. Owerenga asakhale woyang'anira yekha, pakhale wina wa ku akaunti ngati inuyo ndi wina wa komiti. Buku likasowa lisafufutidwe msanga mu kaundula, lidikire kuwerenga kotsatira, chifukwa ambiri amabwerera ana a Fomu 4 akamafuna kusainitsa fomu yochokera pasukulu. Akuluakulu akasaina mfundo zimenezi, oditala ali ndi pepala lake.

aMwale (akaunti, Ntcheu):
Zimenezo ndiye ndingazilandire. Koma short loan yanuyo, kunena zoona, ndi kabati yomweyo, mwangoichepetsa.

aBanda (opuma pantchito, Lilongwe):
Ndi kabati imene imatsegulidwa kakhumi pa tsiku, achimwene. Kusiyana kwake n'komweko.

Nambewe (laibulale ya m'mudzi, Mangochi):
Ine ndikuwerenga zonsezi ndikuti anzanga muli ndi mwayi, ana akulimbirana mabuku anu mpaka kuba. Kuno tili ndi mashelefu odzaza koma theka lake palibe amene anawagwirapo. Anabwera pa kontena zaka zapitazo kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. Titatsegula makatoni mudzi wonse unasangalala, mfumu inalankhula, amayi anavina. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Muli mabuku a malamulo a misonkho a dziko lina, a kasamalidwe ka maluwa m'nyengo ya chisanu choundana, a mapulogalamu a kompyuta amene anasiya kugwira ntchito kalekale. Anthu amene amabwera kuno ndi asodzi, amayi a banki m'khonde, ana a pulayimale, achinyamata amene akubwereza MSCE. Amandifunsa za ulimi wa mpunga, za kaumitsidwe ka usipa, za matenda a mbuzi, za malamulo a malo. Amafuna za Chichewa ndi Chiyao. Chimene chimatha msanga ndi nyuzipepala. Fuko kapena Boma Lathu ikafika imayenda m'manja mpaka kung'ambika.

Funso langa ndi lakuti, kodi ndili ndi ufulu wochotsa mabuku osagwira ntchitowa? Ndimaopa kuti opereka aja akadzabwera adzati sitiyamika.

aGondwe (Cape Town):
Mayi Nambewe, mawu anu andikhudza chifukwa ife amene tili kunja kuno ndi amene timatumiza makatoni amenewo. Gulu lathu la kumpingo likusonkhanitsa mabuku pakali pano kuti titumize kumudzi. Ndiye mukuti tisiye?

Nambewe (laibulale ya m'mudzi, Mangochi):
Ayi bambo, musasiye. Koma muyambe mwatifunsa. Ndipo muganizire izi: ndalama zolipira thiraki kuchoka ku Cape Town mpaka kuno, kuphatikizapo za pa chipata cha Mwanza kapena Dedza, zikhoza kugula mabuku angati a Chichewa konkuno? Ku CLAIM aliko, ku Montfort Media ku Balaka aliko, a Dzuka ali nawo. Mukagula konkuno mwathandizanso wolemba ndi wosindikiza wa kwathu kuti atulutse ena.

aChirwa (Mzuzu):
Ndilowererepo pang'ono, chifukwa sindikufuna kuti tinyoze mabuku onse ochokera kunja. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale. Mabuku amene anamuthandiza kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo anali a sayansi ochokera ku America, a Chingerezi chimene iye sankachimva bwino. Ankatsatira zithunzi. Akanakhala kuti wina anawachotsa ponena kuti si a silabasi yathu, bwenzi nkhani yake kulibe.

Ndipo Anaphiri, mukapita ku komiti mukawauze zimenezi. Mnyamata uja sakanatha kuima pawindo n'kutchula dzina la buku limenelo. Analiona yekha pa shelefu, chithunzi cha pachikuto n'kumukopa.

Nangondo (laibulale ya koleji, Zomba):
Nonse awiri mukulondola, chifukwa mukunena za mabuku osiyana. Buku lofotokoza mmene magetsi amayendera silikalamba msanga, ndipo lili ndi ntchito kulikonse. Buku la misonkho ya dziko lina la zaka 30 zapitazo lilibe ntchito ngakhale kwawo komweko. Choopsa kwambiri ndi mabuku akale a zamankhwala. Kaperekedwe ka mankhwala a malungo ndi a HIV kasintha kangapo, ndipo munthu akawerenga zakale n'kuzitsatira akhoza kuvulala. Amenewo achotseni lero lomwe, musadikire.

Mukamachotsa, dzifunseni mafunso ochepa: zimene zalembedwamo zikadali zoona? Alipo analibwerekapo zaka zisanu zapitazi? Masamba ali onse? Likunena za kwathu kuno? Funso lomalizali likayankhidwa kuti inde, buku lisachoke ngakhale litang'ambika bwanji. Lembani mndandanda wa ochotsedwa, komiti isaine. Amene muli m'sukulu ndi m'maofesi a boma kumbukirani kuti buku lolowa mu kaundula ndi katundu wa boma, ndiye katayidwe kake kali ndi ndondomeko yake, simungangolitaya nokha. Pamenepa aMwale angatithandize.

Bambo aGondwe, taonani mmene a Book Aid International amachitira. Amatumiza mabuku atsopano operekedwa ndi makampani osindikiza, ndipo amayamba afunsa olandira, monga a National Library Service, kuti akufuna mitu yanji. Inunso pemphani mndandanda kaye, ndipo muwauze poyera olandirawo kuti ali ndi ufulu wopereka kwina kapena kutaya zimene sizikuwathandiza. Mawu amenewo okha amamasula anthu ngati mayi Nambewe.

aGondwe (Cape Town):
Ndamva. Ndikapereka uthengawu Lamulungu. Sindinaganizepo kuti mphatso ingamange munthu manja chonchi.

aChirwa (Mzuzu):
Pali mbali ina ya nkhaniyi imene ikundivuta mumtima, ndipo ndipempha mundipirire chifukwa nditalikitsako. Takhala tikukambirana za mabuku 30 a silabasi. Ndi ndalama zambiri, sindikupeputsa. Koma buku la Biology la Fomu 4 likasowa, lilipo lina m'sitolo ku Lilongwe. Ndalama zikapezeka libwera. Pali zinthu zina m'malaibulale mwathu zimene zikapita zapita, ndipo zimenezo n'zimene sitizilondera.

Ndinali kuno ku Mzuzu pa 18 Disembala 2015 pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa m'bandakucha. Mabuku pafupifupi 45,000 anatha tsiku limodzi, pamodzi ndi makompyuta ndi mipando. Anthu ambiri m'dziko muno ndi kunja anathandiza, mabuku ophunzirira anayamba kubweranso. Koma taganizani za zolemba za kafukufuku wa ophunzira, malipoti akale a za chigawo cha kumpoto, timabuku tosindikizidwa kamodzi kokha ndi mipingo kapena mabungwe ang'onoang'ono. Zoterezo sungaziitanitse kwa wogulitsa mabuku aliyense.

Si koyamba dziko lino kuona zimenezi. Mu 1919 moto unatentha ofesi yaikulu ya boma la atsamunda ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za Nyasaland anathera pomwepo. Mpaka lero ofufuza mbiri ya nthawi imeneyo amadalira makope amene anatumizidwa ku London ndi zolemba za amishoni.

Ndiye ndikufunsa tonse pagulu pano: m'chipinda chanu, n'chiyani chimene chilipo chimodzi chokha padziko lonse? Pa sukulu ndi kaundula wa ana olembetsa kuyambira pamene sukulu inatsegulidwa, log book ya ahedi (buku lolembamo zochitika za pasukulu), magazini a sukulu, zithunzi. Ku mpingo ndi mabuku a ubatizo ndi maukwati. Kwa mayi Nambewe mwina ndi mbiri ya ufumu wa m'deralo imene mkulu wina analemba pamanja. Zimenezi nthawi zambiri zili m'katoni pansi, pakona, pamene chiswe chimayambira. Kabati yachitsulo yokhala ndi loko tapatsa mabuku a Masamu.

aGondwe (Cape Town):
Achimwene aChirwa mwandikumbutsa za kuno. Pa 18 Epulo 2021 moto wa m'tchire unatsika kuchokera ku Table Mountain n'kugwira Jagger Library ya University of Cape Town, mmene munkasungidwa zolemba za maphunziro a za Africa. Chipinda chachikulu chowerengera chinapseratu. Zimene zinali m'zipinda zapansi zinapulumuka ku moto koma zinanyowa ndi madzi ozimitsira, ndipo anthu ongodzipereka anagwira ntchito masiku ambiri akutulutsa makreti pamanja. Iyi ndi yunivesite ya ndalama zake, ya zipangizo zake. Ngati zinachitika kumeneko, ife tisamadzinamize kuti n'zakutali.

Nambewe (laibulale ya m'mudzi, Mangochi):
Ndachita manyazi ndi kuwerenga zimenezi chifukwa n'zoona, tili ndi makope a misonkhano ya komiti ya chitukuko cha m'mudzi kuyambira kalekale, ndiponso nthano zimene ana a sukulu analemba kuchokera kwa agogo awo. Agogo ambiri mwa amenewo anatisiya. Kuno mdani wathu ndi chiswe ndi chinyezi cha kunyanja. Nditani ndi ndalama zochepa?

aBanda (opuma pantchito, Lilongwe):
Zambiri sizifuna ndalama, mayi. Shelefu isagunde khoma, pasiyeni mpata woti dzanja lidutse, kuti muziona msewu wa chiswe ukangoyamba. Shelefu yapansi ikhale yokwera kuchoka pa simenti, ndipo katoni isakhale pansi ngakhale usiku umodzi. Amene anaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 ku Phalombe, Mulanje ndi Nsanje akudziwa kuti chimene chili pansi ndicho chimayamba kupita. Tsegulani mawindo masana kuti mphepo idutse, apo ayi mabuku amachita chuku. Musalole chakudya m'kati, chimaitana mphemvu ndi makoswe. Kamodzi pa mwezi tulutsani mabuku a shelefu imodzi, pukutani, bwezerani. Ana amakonda ntchito imeneyi mukawapatsa udindo.

Za moto, onani mawaya a magetsi, makamaka kumene anthu amalumikiza zinthu zambiri pa soketi imodzi, ndipo pochoka madzulo muzithimitsa zonse chifukwa magetsi akabwera usiku amabwera mwamphamvu. Chozimitsira moto chikhale pafupi ndi khomo, osati kumbuyo kwa mashelefu, ndipo onani tsiku limene chinapimidwa. Ngati mulibe, ndowa ya mchenga ndi yabwino kuposa kukhala chimanjamanja.

aKalua (registry, ofesi ya boma):
Ine sindili mu laibulale koma mu registry, ofesi yosunga mafayilo, ndipo matenda ake ndi omwewa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, la Access to Information, linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Likunena kuti munthu akapempha uthenga ku ofesi ayankhidwe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo a Malawi Human Rights Commission ndi amene amayang'anira kuti likutsatidwa. Lamulo ndi labwino. Koma fayilo ngati sikudziwika kumene ili, masiku 15 sakwana, ngakhale wogwira ntchitoyo atafunitsitsa kuthandiza. Anthu amaganiza kuti tikubisa, pamene nthawi zina ndi mulu wa mafayilo osalembedwa manambala umene watigonjetsa. Mafayilo otsekedwa amayenera kusamutsidwira ku National Archives, kosungira zolemba zakale za dziko, motsata ndondomeko, koma ntchito yosankha ndi kulemba mndandanda imafuna anthu ndi nthawi, ndipo pa bajeti registry imakhala kumapeto.

Nangondo (laibulale ya koleji, Zomba):
Bambo aKalua mwatchula National Archives, ndiwonjezere kanthu kamene ambiri sadziwa. Ofesi imeneyi ili kuno ku Zomba kuyambira 1947, ndipo ndi kumene lamulo la Printed Publications limati aliyense wosindikiza buku m'Malawi apereke kope. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku padziko lonse, imatengedwanso komweko. Ndiye mukamva kuti wina kwanuko watulutsa kabuku ka mbiri ya mpingo, ka ndakatulo, ka miyambi, mulimbikitseni atumize kope. Timabuku totere timasindikizidwa tochepa, timagulitsidwa pa mwambo umodzi, pakatha zaka khumi ngakhale mwini wake alibe.

Ndibwererenso ku mfundo ya aBanda ya mantha, chifukwa ilinso m'makoleji mwathu m'maonekedwe ena. Malawi ali m'gulu la maiko amene mabungwe ake a maphunziro, a kafukufuku ndi zipatala zophunzitsira angalembetse ku Research4Life n'kumawerenga magazini a sayansi kwaulere: Hinari pa zaumoyo, AGORA pa zaulimi. Palinso MALICO, mgwirizano wa malaibulale umene unayamba mu 2003 kuti tizisonkha ndalama n'kulipira limodzi zinthu za pa intaneti zimene koleji imodzi payokha singakwanitse, popeza zimalipiridwa m'madola. Koma ndaonapo malo amene zonsezi zilipo, ophunzira osadziwa n'komwe. Palibe anawaphunzitsa kafufuzidwe kake, ndipo kapepala ka mawu achinsinsi olowera kali mu diloo ya munthu mmodzi. Chaka chikatha akuluakulu amafunsa kuti ndi angati anagwiritsa ntchito, chiwerengero n'kukhala chochepa, ndalama n'kudulidwa. Ola limodzi lophunzitsa ophunzira atsopano sabata yawo yoyamba limasintha zonsezi.

Anaphiri (Dedza):
Zikomo nonse, ndapeza pogwira. Ndilemba pempho la waya wa mawindo, ndipatula mitu yovutayo ikhale ya short loan, ndipo ndipempha kuti tilembe mfundo za kawerengedwe ka mabuku. AMwale, ngati muli ndi chitsanzo cha fomu yolembapo katundu wosowa munditumizireko kumbali. Koma aChirwa mwandipatsa ntchito ina: log book yoyamba ya sukulu yathu sindikudziwa kuti ili m'chipinda chiti, mawa ndikafunsa kwa ahedi.

Ndifunsenso za kaundula. Wathu ndi hadikava imodzi yolemba pamanja. Kodi tikufunika kompyuta?

aMwale (akaunti, Ntcheu):
Fomu ndikutumizirani madzulo ano. Koma waya uikidwe kaye ana asanatsegulire, apo ayi ine ndikadali kumbali ya komiti.

aChirwa (Mzuzu):
Makoleji ambiri kuno amagwiritsa ntchito Koha, pulogalamu yaulere imene inayambira ku New Zealand cha m'ma 1999 ndi 2000. Ndi yabwino, imasunga katalogi, obwereka ndi masiku obwezera. Koma imafuna kompyuta yokhazikika, magetsi odalirika kapena sola, ndi munthu woidziwa ikavuta. Pa CDSS ya mabuku ochepa sindingakulangizeni kuyambira pamenepo. Hadikava yanuyo ndi yokwanira ngati ili ndi zonse: nambala ya buku, tsiku lolandira, wolemba, mutu, kumene lachokera, mtengo, ndi malo olembapo likasowa kapena likachotsedwa. Nambala yomweyo ilembedwe m'buku pamodzi ndi chidindo cha sukulu, china patsamba loyamba, china patsamba lam'kati limene mwasankha nokha, lomwelomwelo m'mabuku onse. Wakuba amang'amba tsamba loyamba, lam'katilo saliona.

Chimene ndikukupemphani ndi chimodzi. Tengani foni, jambulani tsamba lililonse la hadikavayo. Laibulale ikapsa kapena ikanyowa, funso loyamba la aliyense wofuna kuthandiza limakhala lakuti munali ndi chiyani. Ngati kaundula wapsera limodzi ndi mabuku, mulibe yankho.

aKalua (registry, ofesi ya boma):
Koma zithunzizo zisakhale mu foni ya munthu mmodzi. Foni imabedwa, ndipo ife ogwira ntchito m'boma timasamutsidwa. Tumizani ku imelo ya sukulu, ina ikhale pa fulashi ku ofesi ina, nyumba yosiyana ndi ya laibulale.

Nambewe (laibulale ya m'mudzi, Mangochi):
Nanga nthano za ana zija ndingajambule ndi foni momwemonso? Zina inki yake yayamba kufufutika.

Nangondo (laibulale ya koleji, Zomba):
Jambulani mayi, musadikire makina. Chitani masana pakhonde pamene pali kuwala koma dzuwa losawomba papepala, foni ikhale molunjika pamwamba, tsamba lonse lioneke mpaka m'mphepete. Tsamba loyamba la nthano iliyonse lembani kapepala kosonyeza amene anakamba, mudzi, chaka ndi amene analemba, mukajambule pamodzi. Musamate ndi selotepi pamene pang'ambika, imadya pepala pakapita nthawi, ndipo chotsani mapini achitsulo chifukwa kunyanjako amachita dzimbiri. Mukamaliza muwadziwitse a National Library Service, iwo anagwirapo ntchito yojambula nthano za m'maboma osiyanasiyana ndipo angakuuzeni kumene kope lina lingasungidwe. Yambani ndi zimene inki yake ikufufutikazo.

Nambewe (laibulale ya m'mudzi, Mangochi):
Ndiyamba Loweruka, achinyamata a kalabu yowerenga adzandithandiza kutembenuza masamba. Mayi Nangondo, ndikatumiza zitatu zoyamba pano kuti muone ngati zikuwerengeka ndisanapitirize.